Kuseta wind load ya auto mu ETABS, ndi malo omwe ambiri timagwera

Nkhani ya mphepo mu ETABS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera kulimba kwa nyumba, imaoneka yophweka mpaka tsiku lomwe munthu wamkulu wagwira kalikuleta nkukufunsa kuti base shear yakoyi, mphamvu yonse yokankhira nyumba cham'mbali yomwe ikufika pansi pake, yachokera kuti. Ine zinandigwera ndili chaka choyamba pa ntchito, nyumba ya ma floor anayi, ndinadzaza mabokosi onse mmene ndinkaonera kuti ndi bwino, ndaranitsa modelo, makolamu onse akupasa, ine mtima mmalo. Bwana wanga anangoyang'ana nambala imodzi yokha nkundifunsa kuti "achimwene, chinyumba chonsechi mphepo yake ingachepe chonchi? Akunama ndani pakati pa inu ndi kompyuta?" Wonama ndinali ine. Ndinalemba 40 mu bokosi la Wind Speed ndikuganiza mamita pa sekondi pomwe bokosilo limafuna mph, mamailosi pa ola. Tibwererako kutsogoloku chifukwa ndi dzenje lomwe lagwetsa anthu ambiri.

Ndifotokoza za ETABS poti ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma amene muli pa SAP2000 mupeza kuti mabokosi ake ndi ofanana pafupifupi onse poti zonse ndi za kampani imodzi ya CSI. A STAAD.Pro njira yanu ndi ya Wind Definitions, mabatani ndi ena koma mafunso omwe pulogalamu ikufunseni ndi omwewa.

Musanayambe nkomwe kudina chilichonse cha mphepo, konzani ma diaphragm, kutanthauza masilabu omwe amamangirira makolamu a floor iliyonse pamodzi nkuwagawira mphamvu ya cham'mbali. Apa ndi pomwe ETABS imatengera kukula kwa nyumba yanu, imayang'ana silabu ya floor iliyonse kuti yatambalala kuchokera pati kufika pati nkunena kuti m'lifupi mwa khoma lomwe mphepo ikuwomba ndi umenewu. Pitani ku Define, kenako Diaphragms, mupeza D1 ilipo kale, sankhani ngati ikhale Rigid kapena Semi Rigid. Silabu ya konkire yolimba yopanda mabowo akuluakulu Rigid imakwana, koma ngati pulani yanu ndi ya L kapena U, kapena pakati pali chibowo cha atrium, ikani Semi Rigid. Mukatero sankhani masilabu onse, Assign, Shell, Diaphragms, D1. Chitani floor ndi floor mukuyang'ana ndi maso, pa Rigid mumaona timizere tokhala ngati ukonde wa kangaude tikukumana pakati. Floor yomwe ilibe diaphragm siyilandira mphepo ngakhale pang'ono ndipo pulogalamu siyikuwuzani, imangodutsapo phee. Izi zimachitika kwambiri pamwamba penipeni pomwe palibe silabu, pali ring beam ndi matrasi basi. Pamenepo sankhani ma joint a pamwamba pa makolamu nkuwapatsa diaphragm kudzera ku Assign, Joint, kapena gwiritsani njira yachiwiri yomwe ndifotokoze kumapetoku.

Tsopano Define, Load Patterns. Lembani dzina, ine ndimangoti WIND, pa Type sankhani Wind, Self Weight Multiplier ikhale 0, apa musaphonye, mukasiya 1 ndiye kuti kulemera kwa nyumba yonse kwalowa kawiri mu ma combination, momwe ma load osiyanasiyana amaphatikizidwa. Pa Auto Lateral Load mpamene musankhe code, buku la malamulo owerengera mphepo, mndandanda ndi wautali, muli ASCE 7 ya zaka zosiyanasiyana, Eurocode 1, BS 6399, IS 875 ya ku India, ya ku Australia ndi New Zealand ndi ena. Dinani Add New Load, kenako idineni load yomwe mwapangayo nkupita pa Modify Lateral Load. Mukasintha code pambuyo pake kumbukirani kudina Modify Load kaye, apo ayi zimabwerera mwakale inu osadziwa.

Code yosankha ndi iti? Yankho langa ndi limodzi, yomwe ikugwirizana ndi code yomwe mukudizainira konkire kapena zitsulo zanu. Kusakaniza ndiye gwero la mavuto ambiri. Ambiri tinaphunzira ndi BS 8110, pomwe mphepo imachulukitsidwa ndi 1.4, kapena 1.2 ikakhala pamodzi ndi dead ndi live. Eurocode imachulukitsa ndi 1.5. Koma ASCE 7 kuyambira ya 2010 inasintha nzeru, liwiro lomwe limalowa mu bokosi ndi la ultimate kale, ndiye mu combination mphepo imalowa ndi 1.0 basi, pomwe ya 2005 inkalowa ndi 1.6. Mukatenga mphepo ya ASCE 7-16 nkuyiphatikiza ndi ma combination a BS 8110 mwayipatsa factor kawiri, kasitomala agula zitsulo zosafunika. Mukatenga liwiro wamba la mphepo yobwera kamodzi pa zaka 50 nkulilowetsa mu ASCE 7-16 ndi 1.0 ija mwayichepetsa, ndipo kumeneko ndiye koopsa.

Ndipitiriza ndi ASCE 7-16 chifukwa ndi yomwe ETABS imakuchitirani zambiri yokha, ya Eurocode ndinenapo pang'ono pansipa.

Pa windo lomwe latsegukalo, kumanzere pamwamba akufunsani kuti mphepo igwire pati. Sankhani Exposure from Extents of Diaphragms. Pansi pake pali ma pressure coefficient, mutha kusiya kuti pulogalamu iwerenge yokha, Program Determined, kapena kulemba nokha. Mukalemba nokha windward, khoma lomwe mphepo ikuwomba, ndi 0.8 nthawi zonse, leeward, khoma la kumbuyo, imatengera mmene nyumba yatalikira kutsata komwe mphepo ikupita poyerekeza ndi m'lifupi mwa khoma lomwe yawomba. Zikafanana kapena nyumba ikakhala yaifupi mbali imeneyo ndi 0.5, ikatalika kawiri ndi 0.3, kanayi kapena kuposa ndi 0.2. M'buku la code manambala a leeward ali ndi minus kutsogolo chifukwa kumbuyo kwa nyumba mphepo imakoka, koma mu bokosi la ETABS mupeza 0.5 wopanda minus, musiyeni choncho. Kukankha kwa kutsogolo ndi kukoka kwa kumbuyo zonse zimagwetsera nyumba mbali imodzi, ndiye zimaphatikizana kukhala 1.3. Ndinaonapo modelo ya mnzanga atawonjezera minus ati akukonza, mphepo inatsika kufika 0.3, iye nkumasangalala kuti drift, kupendama kwa nyumba cham'mbali, yachepa kkk.

Kenako pali gawo la ma case. ASCE siyimangoti mphepo ya X ndi ya Y basi, ili ndi ma case anayi. Yoyamba ndi mphepo yonse mbali imodzi payokha. Yachiwiri ndi 75 peresenti koma yosunthidwa kuchoka pakati ndi 15 peresenti ya m'lifupi mwa nyumba kuti ipotokole nyumbayo. Yachitatu ndi 75 peresenti mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, yachinayi ndi 56.3 peresenti mbali zonse ziwiri ndi kupotokola komwe. Sankhani Create All Sets, ma e1 ndi e2 asiyeni pa 0.15, ETABS ikupangirani ma set 12 mkati mwa pattern imodzi yomweyo. Ndiye musavutike kupanga WX ndi WY payokhapayokha ngati mwasankha zimenezi, mungodzisokoneza. Ma case opotokola aja anthu amawaderera koma nyumba yomwe masitepe ndi shafuti ya lift zili kumapeto amodzi, makolamu a kumapeto enawo ndi omwe amalira pa case yachiwiri.

Dinani Modify/Show pa Wind Direction and Exposure Width muone tebulo. Floor iliyonse ili ndi m'lifupi mwake, yerekezani ndi pulani ya akitekiti. Ngati floor ina ili ndi khonde lotulukira kunja kapena silabu inadulidwa pomwe khoma likupitirira, nambala yake ikhala yolakwika ndipo mutha kuyikonza pamanja pompo. Pa Exposure Height onetsetsani Top Story ndi Bottom Story, ngati pali basement yokwiririka Bottom Story ikhale floor yomwe ili pa dothi osati Base, apo ayi pulogalamu iwombetsa mphepo pansi pa nthaka komanso iwerenga kutalika kolakwika. Parapet ngati ilipo chongani Include Parapet nkulemba kutalika kwake, kampanda ka mita imodzi pamwamba pa nyumba kamaoneka kochepa koma kali pomwe mphepo ili yamphamvu kwambiri komanso kutali kwambiri ndi fawundeshoni.

Tafika pa bokosi langa lija. Wind Speed mu ASCE imalembedwa mu mph, olo modelo yanu yonse ili mu kN ndi mamita, bokosi limeneli silisintha, pambali pake analembapo ndithu koma maso athu amangodutsa. Mita imodzi pa sekondi ndi 2.237 mph, ndiye 40 m/s ndi 89.5 mph. Ndipo poti mphamvu ya mphepo imayenda ndi liwiro kuchulukitsa liwiro lomwelo, kulakwitsa kumeneku sikuchepetsa load kawiri ayi, kumachepetsa kasanu. Ndi zomwe bwana uja anaziona ndi diso limodzi.

Koma palinso dzenje lina lakuya kuposa la mph, loti liwiro lomwe mwalitengalo ndi la mtundu wanji. ASCE imafuna gust, kuwomba kwamphamvu kwa masekondi 3, pa mamita 10 kuchokera pansi pamalo a pambalambanda. Eurocode imafuna avareji ya mphindi 10. BS 6399 imayambira pa avareji ya ola lathunthu. Mphepo yomweyo tsiku lomwelo, nambala ya masekondi 3 imakhala pafupifupi 1.4 kuchulukitsa ya mphindi 10. Ndiye munthu akangokuuzani kuti "kuno timagwiritsa nambala yakuti" mufunseni kuti ya masekondi angati, ya zaka zingati. Eurocode imatenga mphepo yobwera kamodzi pa zaka 50, ASCE 7-16 pa nyumba wamba za Risk Category II imatenga ya zaka 700, ndipo kuchoka pa 50 kufika pa 700 liwiro limakwera ndi pafupifupi 1.26. Mapu omwe ali m'buku la ASCE ndi a ku America, sangakuuzeni za Karonga kapena Chipata. Polojekiti ikakhala kwathu kuno nambalayi muyifune kwa a zanyengo, a Department of Climate Change and Meteorological Services, omwe amayeza mphepo m'masiteshoni ngati Chileka ndi pa bwalo la ndege la Kamuzu, kapena mu design basis yomwe kasitomala wavomereza, ndipo mulembe mu ripoti komwe mwayitenga. Pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 sindikuganiza kuti pali amene angakunyozeni chifukwa chofunsa kawiri za nambala imeneyi.

Exposure Type ndi B, C kapena D. B ndi mkati mwa tauni momwe nyumba ndi mitengo zathithikana, C ndi pambalambanda, minda, madambo, nyumba za apo ndi apo, D ndi pomwe mphepo yadutsa pamadzi kapena pamalo osalala mtunda wopitirira mamita 1,500 isanafike pa nyumba yanu. Anthu amakonda B chifukwa imatsitsa load, pa mamita 9 Kz, factor yomwe imatengera kutalika ndi exposure, ya B ndi 0.70, ya C ndi 0.98, ya D ndi 1.16, mwaonatu kusiyana kwake. Koma B imafuna kuti nyumba zothithikanazo zipitirire mtunda wautali kumbali komwe mphepo ikuchokera, osati ma plot awiri oyandikana nawo basi. Malo ambiri atsopano omwe anthu akumanga kunja kwa Lilongwe ndi C yeniyeni. Loji ya m'mbali mwa nyanja ku Salima kapena Nkhotakota komwe mwera umabwera utathamanga pamadzi popanda chowutchinga, imeneyo ndi D, musanyengerere. Mukakayika pakati pa B ndi C tengani C.

Kzt, factor ya mapiri ndi zitunda, ndi 1.0 pamalo athyathyathya, koma nyumba ikakhala pamwamba pa phiri kapena m'mphepete mwa chiphedi, ngati malo ambiri a ku Blantyre ndi Zomba, mphepo imathamanga ikamakwera ndipo Kzt muyenera kuyiwerenga pamanja kuchokera mu chaputala 26 cha ASCE 7, ETABS sidziwa kuti nyumba yanu ili paphiri. Kd, factor ya mbali yomwe mphepo ikuchokera, ndi 0.85 pa nyumba. Gust Factor ndi 0.85 pa nyumba yolimba, kutanthauza yomwe frequency yake yoyamba ndi 1 Hz kapena kuposa. Ranitsani modal kaye muone period ya mode yoyamba, ikapitirira sekondi imodzi nyumbayo ndi flexible ndipo 0.85 sagwiranso ntchito, muwerenge Gf, gust factor ya nyumba za flexible, nokha nkuyilemba mmenemo. Ground Elevation Factor, Ke, inabwera ndi ASCE 7-16, imati mpweya wa kumtunda ndi wopepuka ndiye umakankha mochepa. Lilongwe ili pafupifupi mamita 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, Ke yake imatuluka cha m'ma 0.88. Code imalola kungoyika 1.0 paliponse, ine ndimasiya 1.0 pa nyumba zazing'ono, 12 peresenti imeneyo ndimayisunga ngati chinenepetso poti nambala ya liwiro ija nthawi zambiri siyikhala yotsimikizika mpaka pa dontho.

A Eurocode windo lanu ndi lalifupi. Liwiro lili mu m/s, zikomo, Terrain Category kuyambira 0 mpaka IV pomwe II ndi pambalambanda, I ndi m'mbali mwa nyanja ngati yathuyi, III ndi midzi ndi ma location, IV ndi pakati pa mzinda wa nyumba zitalizitali. Orography 1.0 pamalo athyathyathya, turbulence factor 1.0, air density 1.25, ndipo cscd mutha kuyika 1.0 pa nyumba yosafika mamita 15. Kusiyana kwake nkwakuti mupange pattern ya 0 digiri ndi ya 90 digiri, ndipo ma coefficient muwatenge nokha mu tebulo la makoma, zone D kutsogolo ndi zone E kumbuyo.

Dinani OK, pitani ku Load Cases muone kuti WIND yabwera ngati Linear Static, kenako ma combination. Mukalola ETABS kupanga ma default imayika yokha mphepo ya plus ndi ya minus, koma atseguleni muwerenge ma factor ndi maso anu. Mukamapanga nokha musaiwale minus, komanso musaiwale combination ya dead yochepetsedwa, 0.9D ndi mphepo mu ASCE, 1.0 dead ndi 1.4 mphepo mu BS 8110, imeneyi ndi yomwe imaonetsa ngati fawundeshoni ikufuna kuzuka.

Mukaranitsa musathamangire ku design. Tengani pepala. Titenge nyumba yanga ija ngati chitsanzo, mamita 30 ndi 12, ma floor anayi a 3.5 iliyonse, kutalika konse 14, exposure C, liwiro tingoti 40 m/s pongofuna masamu, musalitenge ngati la kwanuko. Fomula ndi 0.613 kuchulukitsa Kz, Kzt, Kd, Ke ndi liwiro kuchulukitsa liwiro lomwelo. 40 kuchulukitsa 40 ndi 1,600, kuchulukitsa 0.613 ndi 981, kuchulukitsa Kd ndi 834 N pa sikweya mita. Pa denga Kz ili cha m'ma 1.07 ndiye tili pa 0.89 kN pa sikweya mita. Kuchulukitsa 0.85 ya gust ndi 1.3 ija tikupeza pafupifupi 1 kN pa sikweya mita iliyonse ya khoma. Khoma lalitali ndi 30 kuchulukitsa 14, ndi 420, ndiye nambala yathu singapitirire 415 kN. ETABS ikupatsani yocheperako, cha m'ma 340, pa zifukwa ziwiri zomveka, kumunsi mphepo ndi yofooka kuposa pa denga, komanso floor iliyonse imalandira theka la khoma la pamwamba pake ndi theka la pansi pake ndiye theka la m'munsi la ground floor silifika pa diaphragm iliyonse. Pitani ku Display, Show Tables, Base Reactions, muyang'ane step yoyenera ya WIND. Mukapeza 330 kapena 350 muli bwino. Ine tsiku lija ndinali ndi 68.

Masamu amenewa satenga mphindi zisanu ndipo amagwira pafupifupi zolakwika zonse zomwe ndatchula, mph, minus pa leeward, floor yopanda diaphragm, basement. Onaninso Story Response Plots, musankhe auto lateral loads to stories, floor yomwe yaphonyedwa imaonekera pompo ili pa ziro pakati pa zinzake. Komanso ASCE ili ndi malire a pansi, load ya pa makoma isachepere 0.77 kN pa sikweya mita, yerekezani nokha ngati liwiro lanu ndi lotsika.

Chomwe njira ya diaphragm siyichita ndi denga. Imangokankha nyumba cham'mbali basi, ya kunyamula malata siyiyidziwa, pomwe kwathu kuno mphepo ikawomba chomwe chimayamba kuuluka ndi denga la sukulu kapena tchalitchi, makoma nkutsala chilili. Ndiye ngati mukuchita warehouse, holo, tchalitchi, filling station, chilichonse cha portal frame kapena matrasi a zitsulo, pa windo lija sankhani exposure ya shell objects m'malo mwa diaphragms. Kenako jambulani makoma ndi denga ngati ma shell a section None, omwe alibe kulemera kapena kulimba, ntchito yawo ndi kungolandira mphepo nkuyipereka ku mafelemu. Draw, Auto Draw Cladding imakujambulirani makoma akunja yokha, denga lotsetsereka mujambule pamanja. Mukatero sankhani khoma, Assign, Shell Loads, Wind Pressure Coefficient, lembani Cp, coefficient ya khomalo, khoma la kutsogolo liyikeni Windward kuti pressure izikwera ndi kutalika, ena onse Other kuti atenge ya pa denga. Makoma a m'mbali ndi 0.7 yokokera kunja. Apa minus ndi plus sizitsata code, zimatsata local axis 3 ya shell iliyonse, ndipo shell imodzi ikhoza kuloza kunja inzake mkati malinga ndi mmene munazungulira pojambula. Yatsani ma local axes mu Set Display Options, muyang'ane muvi wa buluu pa khoma lililonse musanalembe chizindikiro, kenako muonetse load pa sikirini kuti muone komwe ikukankhira.

Pa nyumba zimenezi pressure ya mkati siyithanso kufafanizika ngati mmene imachitira pa base shear ya nyumba ya masilabu. Nyumba yotsekeka GCpi, coefficient ya pressure ya mkatiyo, ndi 0.18 ya plus ndi minus, koma warehouse yomwe chitseko chake chachikulu chingakhale chotsegula mphepo ikubwera imatha kugwera pa 0.55, mphepo imalowa nkukankha denga kuchokera pansi pomwe ina ikulikoka pamwamba. Ine ndimapanga ma pattern osiyana a pressure ya mkati yokankha ndi yokoka pa mbali iliyonse, amachuluka inde koma ndi pomwe mumaona kuti bottom chord ya trasi yomwe mumayiyesa ya tension yasanduka ya compression ndipo ilibe bracing. Ma purlin, malata ndi misomali yake musawatengere pa manambala amenewa, zimenezo ndi components and cladding za chaputala 30 cha ASCE 7, ma coefficient ake m'makona ndi m'mphepete mwa denga ndi okwera kwambiri, muwawerenge pa Excel padera.